Mpanda Umodzi, Chipata Chimodzi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi ya Blantyre

Ndinenapo za ntchito yomwe ndimagwira m'boma.

Nonse mukukumbukira kuti pasukulu pathu nyumba zogona zidali zingapo, koma mpanda udali umodzi, chipata chimodzi, mlondanso mmodzi. Ntchito yanga ikufanana ndi ya mlonda uja.

Kale ofesi iliyonse inkagula kompyuta yakeyake yaikulu yosungira zinthu, yotchedwa seva. Magetsi akathima, ntchito inkaima. Lero ofesi ikhoza kulemba pulogalamu n'kuiika pa makina a kampani ina, monga AWS Lambda yomwe idayamba mu 2014. Pulogalamuyo imadzuka ikaitanidwa, ndipo mumalipira nthawi yokhayo yomwe yagwira ntchito. Zili ngati kukwera minibasi kuchoka ku Limbe kupita m'tauni: simugula galimoto, mumangolipira ulendo. Njirayi amaitcha serverless, ngakhale maseva alipo ndithu, kungoti ndi a eni ake.

Vuto nali. Pulogalamu ili kunja, pomwe maina a anthu, malipiro ndi misonkho zili mkati mwa mpanda. Ofesi iliyonse ikaboola mpanda kuti pulogalamu yake ilowe, mbala nazo zidzalowera pomwepo. N'chifukwa chake payenera kukhala netiweki imodzi yotsekedwa, yoyang'aniridwa ndi ofesi imodzi. Maofesi ena amapatsidwa chigawo chawo, ndipo pulogalamu iliyonse imadutsa pachipata, n'kuloledwa kufika pokhapo pomwe ili ndi ntchito.

Izi si nthano. Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala zidalowa m'makina opangira mapasipoti, ndipo anthu ambiri adalephera kuyenda. Maziko tili nawo: ESCOM idayala mawaya a fibre m'dziko muno, ndipo mu 2022 boma lidatsegula National Data Centre muno mu Blantyre. Chotsala ndi alonda odziwa ntchito.

Pempho langa ndi ili: chaka chino tisonkhe ndalama zogulira ana a pasukulu pathu makompyuta, ndipo ife odziwa tizipita kukawaphunzitsa Loweruka. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe atha kuigwira ntchitoyi. Paja mutu umodzi susenza denga.