Nkhope, Chitetezo ndi Muyeso Umodzi kwa Onse



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse. Mashehe athu olemekezeka, mafumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mukavote koyamba, zikomo pondilola kuima pamaso panu. Ine ndine mphunzitsi wa madrasa kuno ku Chintheche, ndipo nkhani imene ndabwera nayo inandipeza pakhonde la madrasa yathu.

Tsiku lina madzulo, mayi wina amene amavala nikabu anabwera kudzatenga mwana wake. Pocheza ndinamufunsa ngati analembetsa m'kaundula wa voti. Anayankha kuti analembetsa, koma tsiku lovota adzakhala pakhomo, poopa kuti angadzamuuze kuvula chophimba kumaso ali pamzere, amuna a mudzi wonse akuona. Palibe amene anamuuza kuti zidzatero, komabe mantha okhawo anali atamulanda kale voti yake. Ndikudziwa kuti kuyambira kuno mpaka ku Nkhotakota ndi ku Salima alipo amayi ena oganiza chomwecho. Nchifukwa chake ndafuna kuti tikambirane za mavalidwe, chitetezo cha dziko, ndi zimene tiyenera kufunsa kwa amene akupempha mavoti athu.

Poyamba tilongosole mawu, pakuti ambiri amawasokoneza. Hijabu imaphimba tsitsi, khosi ndi chifuwa, nkhope n'kukhala poyera. Nikabu imaphimba nkhope n'kusiya maso okha. Maulamaa, potanthauzira ndime za mavalidwe za mu Surat An-Nur ndi Surat Al-Ahzab, anagwirizana pa kuphimba mutu, koma anasiyana maganizo pa nkhope: ambiri anati kuiphimba si chikakamizo, ena anati ndi chikakamizo. Kusiyana kumeneku nkwakalekale ndipo sitikuthetsa ife lero. Choncho wovala nikabu asanyoze wovala hijabu, ndipo wovala hijabu asaseke wovala nikabu. Pali mfundo imodzi imene mbali zonse ziwiri zimavomereza: pakakhala chifukwa chenicheni, monga kupereka umboni pamaso pa woweruza, kulandira chithandizo cha mankhwala kapena kutsimikiza kuti munthu ndi yemweyo, mkazi akhoza kuonetsa nkhope yake popanda tchimo. Muisunge mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo.

Dziko lathu linalawapo kuwawa kwa malamulo a mavalidwe. Akuluakulu muli pano mukukumbukira lamulo la 1973, mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Amuna nawonso sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Malamulo amenewa anachotsedwa pamene tinkalowa m'ndale za zipani zambiri, koma mtima wofuna kulamulira thupi la mkazi sunachoke nawo. Mu January 2012, magulu a anyamata anavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya ku Lilongwe ndi m'mizinda ina. Ena mwa ife anakhala chete, poganiza kuti nkhaniyo siikuwakhudza. Koma akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo mawalo linafikadi. Mu November 2019, pasukulu ya M'manga m'boma la Balaka, imene mwini wake ndi mpingo wa Anglican, kunabuka mkangano atsikana ovala hijabu ataletsedwa kulowa m'kalasi. Anthu anavulala, nyumba zopemphereramo ndi katundu wina zinaonongeka, ndipo ana a zipembedzo zonse ziwiri anataya masiku a maphunziro. Ndinene mosabisa: Msilamu aliyense amene ananyamula mwala kapena moto pa mikangano yotereyi analakwa, ndipo sanathandize mtsikana ngakhale mmodzi. Chimene chinathandiza ndi kukhala pansi. Bungwe la Public Affairs Committee, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo muli Akhristu ndi Asilamu, linatsogolera zokambirana, ndipo mu June 2021 atsogoleri a mbali zonse anasaina mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu zothandizidwa ndi boma.

Si ife tokha amene tinadutsa m'njira imeneyi. Ana a Chirasta anakhala zaka zambiri akubwezedwa pazipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Mu May 2023, khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kuwakaniza maphunziro nkuphwanya Malamulo Oyendetsera Dziko. Sitipemphera ngati iwo, koma chitseko chimene chinatsegukira mwana wa Mrasta ndi chomwecho chimene mwana wathu amalowerapo.

Malamulo Oyendetsera Dzikowo akuti chiyani? Gawo 33 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Gawo 20 limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, chipembedzo chili chimodzi mwa izo. Gawo 40 limateteza ufulu wovota. Koma tisabise gawo 44, limene limalola kuti maufulu ena achepetsedwe, pokhapokha ngati kuchepetsako kwalembedwa m'lamulo, kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo nkofunikadi m'dziko la ufulu ndi demokalase. Apa mpamene nkhani ya chitetezo imalowera.

Abale ndi alongo, tisamanyoze amene amadandaula za chitetezo ngati kuti onse ndi adani a Chisilamu. Kwa anansi athu ku Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, nkhondo ya zigawenga imene inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia yapha anthu ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe. Ku Chad, dziko limene Asilamu ndiwo ochuluka, boma linaletsa zophimba kumaso mu June 2015, mabomba ataphulika mumzinda wa N'Djamena. Mwezi wotsatira, chiletsocho chilipo kale, mwamuna wina amene anadzizimbaitsa m'chovala cha akazi anadziphulitsa pamsika waukulu wa mzinda womwewo. Apa pali maphunziro awiri: anthu oipa amatha kubisala m'chovala cholemekezeka, ndipo kuletsa chovalacho pakokha sikuimitsa munthu woipa.

Ku France anakhazikitsa lamulo mu 2010 loletsa kuphimba nkhope pamalo alionse a anthu onse. Khoti la ku Ulaya loona za maufulu a anthu linavomereza lamulolo mu 2014, koma mu 2018 komiti ya maufulu a anthu ya bungwe la United Nations inapeza kuti lamulo lomwelo linaphwanya ufulu wa amayi awiri amene analipitsidwa chindapusa. Ngati akatswiri a malamulo asiyana chonchi, ife tisathamangire kutengera lamulo la dziko lina limene mbiri yake ndi mavuto ake si zathu. Kuno kwathu palibe lamulo loletsa nikabu pamsewu kapena pamsika, ndipo tikufuna zikhale choncho.

Tikumbukirenso chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utafika m'dziko muno. Boma linalamula kuti tonse tivale zophimba pakamwa ndi pamphuno. Wogulitsa usipa pagombe, m'busa, shehe, wapolisi, tonse tinayenda maso okha akuoneka. Mabanki sanatseke, malire sanagwe. Wofuna kukuzindikira ankangopempha kuti utsitse chophimbacho pang'ono, aone, ubwezeretse. Tinaphunzira kuti boma silisowa kuona nkhope ya munthu tsiku lonse; limangofuna kuiona pa nthawi ndi pamalo pamene kuzindikira munthu kuli kofunika.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Lamulo lachilungamo limanena za nkhope ya nzika iliyonse, osati za chovala cha chipembedzo chimodzi. Ngati pachipata cha banki, pamalire, m'chipinda cha mayeso kapena pamalo ovotera pakufunika kuona nkhope, aonetse aliyense: mnyamata wa kabaza wovala chipewa cha njinga yamoto, wodwala wovala masiki, ndi mlongo wathu wovala nikabu. Akaonetsa, aloledwe kupitiriza ulendo wake. Ndipo ngati njira yosachititsa manyazi ilipo, monga kuti mayi aonedwe ndi mayi mnzake pambali, igwiritsidwe ntchito, pakuti siichotsa kanthu pa chitetezo. Wamalonda wa sikelo ziwiri, ina yogulira ina yogulitsira, timamutcha wakuba. Boma nalonso likhale ndi sikelo imodzi.

Muyeso umodziwo ukutimanganso ife. Tikafuna kuti mtsikana wathu asavulidwe hijabu, tisalole kuti mwana wa Mkhristu akakamizidwe kuvala hijabu pasukulu ya Asilamu, ndipo tisaombe m'manja mkazi wa thalauzi akamachitidwa chipongwe padepoti. Kuno ku Chintheche tili ochepa pakati pa abale athu a Chitonga, ambiri a iwo Akhristu kuyambira pamene mishoni inakhazikika ku Bandawe mu 1881. Timakoka nawo chilimira, timadya nawo kondowole, timalira nawo maliro. M'dziko lonse, kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse. Wochepa amatetezedwa ndi lamulo lofanana kwa onse, osati ndi kukondera kwa wandale amene lero ali pampando mawa wachoka.

Kwa inu amayi ndi alongo ovala nikabu, pempho langa ndi lakuti mukavote. M'kaundula muli chithunzi chanu, ndipo wogwira ntchito ya Malawi Electoral Commission ali ndi udindo wotsimikiza kuti wabwerayo ndinudi. Kutero kukuteteza voti yanu yomwe, kuti wina asakavote m'dzina lanu. Pemphani mwaulemu kuti mayi wa m'gulu la ogwira ntchitowo ndiye akuoneni. Ngati palibe, onetsani nkhope mwachidule. Voti ndi umboni, ndipo tanena kale kuti pa umboni chipembedzo chinapereka chilolezo. Inu a makomiti a mizikiti, musadikire tsikulo. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kaonaneni ndi oyang'anira chisankho m'dera lanu nthawi ikadalipo, muwafotokozere nkhawa imeneyi. Ndipo inu abambo, musasiye akazi anu pakhomo.

Ofuna upulezidenti, uphungu ndi ukhansala akabwera ndi nsalu ndi malonjezo, afunseni mafunso atatu. Kodi mudzateteza mgwirizano wa 2021 kuti mtsikana asabwezedwenso pasukulu chifukwa cha hijabu? Kodi pakadzabwera lamulo la chitetezo lokhudza kuphimba nkhope, mudzaonetsetsa kuti likukhudza onse mofanana ndi kuti zipembedzo zafunsidwa maganizo? Kodi mudzalankhula pamene wosalidwayo si wa chipembedzo chanu? Sindikuuzani chipani choti muvotere, ndipo mzikiti si malo a kampeni. Mverani mayankho awo, muyang'anenso zimene anachita kale. Wokulonjezani kuti adzakondera Asilamu mumuope mofanana ndi wolonjeza ena kuti adzatipondereza, pakuti onse awiri ali ndi sikelo ziwiri.

Mayi uja ndinakambirana naye zonsezi, mwamuna wake ali pomwepo. Sanandilonjeze kanthu, koma anafunsa kuti malo ovotera amatsegula nthawi yanji. Ndikupempha Allah kuti ndidzamuone pamzere, pamodzi ndi inu nonse.

Allah atipatse atsogoleri achilungamo, ateteze dziko lathu ku chipwirikiti, ndipo asunge mtendere pakati pa ife ndi anansi athu. Ameen.