FULU, KALULU NDI MWANA WA M'TAUNI

Kale kumudzi, cimanga citalowa m'nkhokwe ndipo mphepo ya Juni itayamba, ana anali kusonkhana madzulo mozungulira moto. Ambuye ao anali kutsegula nthano ndi liu lakuti "Panangokhala," ndipo ana onse anali kuyankha kuti "Tiri tonse." Imeneyo ndiyo inali sukulu yoyamba ya mwana.

Lero ana ambiri abadwira ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, kapena ku Matero ndi Chilenje mu Lusaka, pamene ambuye ao anatsala kutali ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Atate afika kucokera ku mgodi atatopa, amai ali pa mbaula, ndipo mwana agona osamva nthano ngakhale imodzi. Komatu mwana ameneyu ndiye asowa nthano koposa wa kumudzi, pakuti m'mawa mwace apita ku sukulu kumene ana ali ambirimbiri, ena olankhula Cibemba, ena Citonga, ena Cilozi. Kumeneko afunika kudziwa kupeza bwenzi ndi kusadziyesa wacabe.

Pali nthano yodziwika ya citsime. Caka cina kunagwa cilala, ndipo nyama zonse zinapangana kukumba citsime. Kalulu yekha anakana, nati iye samva ludzu. Madzi atatuluka, nyama zinaika Fisi kuti alonde. Usiku Kalulu anafika ndi cigubu ca uci, namlawitsa pang'ono, nati wotsalawo ungadyedwe ndi iye yekha amene alola kumangidwa miyendo. Fisi, pokhala wadyera, anabvomera. Kalulu anammanga, natunga madzi, nasamba m'citsimemo, nacoka. Usiku wotsatira Mkango nayenso anapusitsidwa momwemo.

Pamenepo Fulu anadzipereka kuti alonde. Nyama zonse zinamseka, zinati ngati Mkango walephera, nanga iye wa miyendo yaifupi adzacitanji? Fulu sanayankhe. Anadzipaka ulimbo pa msana, nakhala cete m'mbali mwa madzi ngati mwala. Kalulu atafika anakondwa poona kuti palibe mlonda, naponda pa mwalawo, ndipo phazi linakakamira. Anamenya ndi dzanja, nalonso linagwidwa. M'mawa Fulu anayenda pang'onopang'ono kufikira kwa mfumu, mbala iri pa msana.

Ana akonda Kalulu cifukwa ca kucenjera kwace, koma wokamba nthano wanzeru aonetsa ana kuti mwini nthano iyi ndi Fulu. Iye analibe mano kapena liwiro. Anasekedwa pamaso pa onse, koma sanabweze mau ace. Anaganizira cimene anali naco, ndico cigoba colimba ndi mtima wodekha, nagwiritsa nchito zomwezo. Mwana amene anamva za Fulu, tsiku limene anzace amseka poyankha funso molakwa m'kalasi, akumbukira kuti kusekedwa sikupha munthu, ndipo mawa aimikanso dzanja.

Za ubwenzi pali nthano ya Nkhunda ndi Nyerere, imene inacokera m'nthano za Aesop wa ku Greece wakale, nilowa m'mabuku a sukulu a maiko ambiri. Nyerere inagwera mu mtsinje, ndipo Nkhunda inaiponyera tsamba kuti ikwerepo. Pambuyo pace mlenje anafuna kupha Nkhunda, koma Nyerere inamluma pa phazi, iye nadzidzimuka, ndipo mbalameyo inathawa. Akulu anati kupatsa nkuika. Nkhunda sinafunse mtundu wa Nyerere isanaponye tsamba, ndipo ili ndi phunziro loyenera mwana wokhala m'komboni ya mitundu yambiri.

Nthano izi nzolimba kuposa m'mene anthu aganizira. Akapolo otengedwa mu Africa anaoloka nazo nyanja kufikira ku America, kumene Joel Chandler Harris wa ku Georgia anazilemba m'buku lace la Uncle Remus m'caka ca 1880. M'menemo muli kalulu wochedwa Brer Rabbit, amene anakakamira pa cidole ca phula monga Kalulu anakakamira pa msana wa Fulu. Anthu amene analandidwa zonse anasunga nthano za kanyama kakang'ono kopambana zilombo zazikulu, cifukwa zinawalimbitsa mtima. Ngati nthano zinapirira ulendo wotere, cingakhale camanyazi kuti zifere pa mseu wa pakati pa Chipata ndi Kitwe.

Wailesi, kanema ndi buku zingathe kusimba nthano, koma sizingathe kuimirira ndi kufunsa mwana kuti, "Ukadakhala Fulu ukadacita ciani?" Sizidziwanso kuti mwana uyu anamenyedwa lero pa mpopi wa madzi, kapena kuti uyo aopa mdima. Kholo ndilo lidziwa, ndipo lingasankhe nthano yolingana ndi bvuto la tsikulo. Nthano ya citsime sifuna ndalama kapena maphunziro. Ifuna mphindi 10 cabe nsima itadyedwa. Tate amene ali pa nchito ya usiku angaikambe pa Sondo. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amene wayankha "Tiri tonse" pamaso pa atate wace sadzaopa kuyankha pamaso pa aphunzitsi.