Tisanagule makasu ndi zikwanje, tidziwe chitsulo chake

Poti tagwirizana kuti ndalama za m'thumba la kalabu tigulire makasu ndi zikwanje za kudimba, ndati ndiyankhulepo za chitsulo, kuopa kuti tingakagule zobuntha sabata imodzi.

Tengani msomali muumenye cham'mbali, ungopindika basi. Koma simbi yamakala ija ya agogo mukaigwetsa pa simenti ikhoza kusweka ngati mbale yadothi. Zonsezi ndi zitsulo, chimene chikuzisiyanitsa ndi kaboni, yemwe uja amapezeka m'makala. Mu msomali kaboni safika 0.3 peresenti. Mu simbi amaposa 2 peresenti, n'chifukwa chake ndi youma gwa koma yosachedwa kusweka. Chida chodulira chimafuna wapakatikati, cha m'ma 0.6 mpaka 1 peresenti. Ndiye mukaona osula akulimbirana masipuling'i a galimoto zakutha musadabwe, kaboni wake ali cha pamenepo.

Komatu kaboni yekha sakwanira, moto nawo uli ndi mbali yake. Wosula amawotcha chitsulo mpaka chifiire, maginito n'kusiya kuchigwira. Apo ndi cha pa madigiri 770. Amapitiriza pang'ono, kenako n'kuchiviika mu oyilo. Chikatuluka chimakhala chouma ngati galasi, moti mukatema nacho mtengo chimabenthuka. Ayenera kuchitenthetsanso pang'onopang'ono mpaka chioneke ngati udzu wouma, cha pa madigiri 220, kuti kuuma kuchepeko chiyambe kupirira. Apa mpamene amisiri ena amachita phuma, makamaka tsiku la msika likayandikira. Ine ndinagulapo nkhwangwa yowala bwino, tsiku lachitatu kukamwa kwake kunali ngati mano a nkhalamba.

Inunso mukhoza kuwononga chida chabwino. Mukamanola pa gilayinda mpaka kunsonga kusanduke buluu, dziwani kuti mwachifewetsa, chizibuntha msanga. Muziviika m'madzi pafupipafupi.

Nanga kumsika tikadziwa bwanji? Tisakatengeke ndi penti. Tikapemphe wogulitsa kuti tipalepo ndi tupa kukamwa kwa chidacho. Tupa ikamadya ngati ikupala chinangwa, chitsulocho n'chofewa, tichisiye. Ikamangoterereka osadya olo pang'ono, chauma mopitirira, chidzabenthuka. Chathu ndi chimene tupa ikudya koma movutikira.

Loweruka tupa nditenga ine. Amsungichuma musaiwale kabuku ka malisiti.