Amene Safika pa Kafukufuku wa Matenda Oiŵala

Omvera a ku Likuni, ku Mitundu ndi ku Nathenje akuŵadziŵa agogo otere: amafunsa funso limodzi kasanu, amaitana mdzukulu ndi dzina la mbale amene anamwalira kalekale, ndipo tsiku lina amapezeka mbandakucha pa khonde la eni, atasokera njira ya kwawo. Achipatala amati aŵa ndi matenda a mu ubongo. Mtundu wake wofala koposa unapatsidwa dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza m'chaka cha 1906. Koma m'midzi yambiri nkhalamba yopezeka usiku pa khomo la eni imatchedwa mfiti, ndipo dzina limeneli limapha. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno poŵaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana.

Kuti matendaŵa adziŵike bwino, akatswiri amaitana anthu kudzayesedwa. Tsono funso ndi lakuti: akaitana chotero, amabwera ndani, ndipo amatsala ndani?

Pakati pa 2006 ndi 2010, a kafukufuku wotchedwa UK Biobank ku Britain analembera makalata anthu pafupifupi 9 miliyoni a zaka 40 mpaka 69. Anavomera ndi 500,000 chabe, ndiye kuti pa anthu 100 alionse sanakwane 6. Obwerawo anapezeka kuti anali athanzi kuposa anzawo otsala. Mu 2021 akatswiri a ku Yunivesite ya Exeter anapenda majini a anthu omwewo. Majini akunenedwa pano si aja a mizimu ayi, koma timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Anapeza malo 32 m'majini okhudzana ndi kupitiriza kapena kuleka kuyankha mafunso otsatira a kafukufukuyo. Anthu otengera chiopsezo chachikulu cha matenda a Alzheimer sankabwereranso kaŵirikaŵiri monga anzawo.

Palibetu jini imene imanong'oneza munthu kuti akhale pakhomo. Zikuoneka kuti ubongo umayamba kufooka mwakachetechete zaka zambiri dokotala asanatchule matenda. Kalata imaiŵalika pa tebulo, mafunso ataliatali amatopetsa, ndipo munthu amachita manyazi kuti ena angamuone akulephera. Mapeto ake, anthu amene kafukufuku akuŵafuna koposa ndiwo amene akusoŵa m'kaundula. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu angamvetse msanga: wogula amene wangoona masamba a pamwamba pa belo sanalidziŵe belolo.

Palinso vuto lina. Mu 1993 akatswiri a ku Yunivesite ya Duke ku America anaonetsa kuti mtundu wina wa jini yotchedwa APOE umakulitsa chiopsezo cha matendaŵa. Koma kafukufuku amene anayamba mu 1992 poyerekeza Ayoruba a ku Ibadan, ku Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis anapeza kuti Ayoruba ankadwala mocheperapo, ndipo jini yomweyo inalibe mphamvu yofanana pakati pawo. Zopezeka pa Azungu odzipereka okha sizingakhale muyeso wa nkhalamba ya ku Nathenje.

M'Malaŵi muno muli kafukufuku wa mabanja ndi umoyo amene anayamba mu 1998 m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, motsogozedwa ndi Yunivesite ya Pennsylvania. Kuyambira 2012 wakhala akutsata anthu oposa 1,200 a zaka 45 kapena kuposerapo, ndi kuyesa kukumbukira kwawo. Ubwino wake ndi wakuti sadikira odzipereka. Ofufuza amaŵalondola anthuwo kumudzi.

Kusiyana kwa njira ziŵirizi n'kwakukulu. Atati alengeze m'tchalitchi kuti okalamba akafike ku chipatala cha Mitundu kapena cha mishoni ku Likuni Lachiŵiri m'maŵa, angafike ndi amene ali ndi miyendo yolimba, ndalama ya kabaza, ndi mutu wosunga tsiku. Agogo aja osokera usiku sangakhale pa mzere, ndipo chiŵerengero chingadzanene kuti kuderali matendaŵa ndi osoŵa. Boma limagaŵa anamwino ndi mankhwala poyang'ana ziŵerengero zoterozo.

Ngakhale kuyenda khomo ndi khomo kuli ndi mpata wake. Palibe amene ayenera kukakamizidwa kuloŵa m'kafukufuku, ndipo pamene nkhalamba siingathe kudziyankhira, abale ndiwo amavomera kapena kukana. Banja limene likuopa kuti mudzi ungatchule mayi awo mfiti limatha kulandira mlendo mwaulemu pabwalo, kumuyalira mphasa, ndi kumuuza kuti agogo atsikira ku dimba, pamene agogowo ali m'nyumba atatsekeredwa.