Kodi Kabuleta Njodalirika?

Pakati pa eni magalimoto akale, monga Peugeot 404, Morris Minor ndi Volkswagen Beetle, pali mkangano umene sunathe kufikira lero. Ena amati kabuleta ndi chipangizo chosakhulupirika, chosiya munthu pathengo. Ena amati m'galimoto monse mulibe chipangizo china chomvera mwini wake kuposa chimenechi.

Ntchito ya kabuleta ndiyo kusakaniza petulo ndi mpweya zisanaloŵe mu injini. Mpweya ukamadutsa pakhosi popapatiza umathamanga, ndipo umakoka petulo kudzera pa kabowo kotchedwa jeti. Kuti petulo apse yense, gilamu imodzi imafuna magilamu 14.7 a mpweya.

Otsutsa amati kabuleta siidziŵa malo kapena nyengo. Galimoto yochunidwa ku Nsanje, kumene nkotsika, ikakwera ku Dedza, pamtunda wopitirira mamita 1,500, imapeza mpweya wopepuka. Pamenepo petulo amachuluka, utsi umada, mphamvu nkuchepa. M'maŵa wa mwezi wa June injini imakana kulira kufikira woyendetsa atakoka choko. Amakumbutsanso kuti malamulo oletsa utsi woipa, amene maiko a ku Ulaya anakhazikitsa mu 1992, anachititsa opanga magalimoto kusiya kabuleta ndi kutsata njira ya fuel injection, imene kompyuta imayeza petulo.

Oikira kumbuyo amayankha kuti kabuleta imayamba yadwala isanafe. Imatsokomola, imazima pamphambano, motero mwini wake amachenjezedwa nthaŵi ikadalipo. Makanika wa pansi pa mtengo, wokhala ndi sipanala ndi sikuludilaiva, angathe kuimasula, kuitsuka ndi kuibwezera tsiku lomwelo. Njira yatsopano ija siiwonongeka kaŵirikaŵiri, koma ikafa imafuna makina oyezera amene sapezeka kumudzi.

Mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo, koma pali chinthu chimene otsutsanawo amaiŵala. Chimene chimapha kabuleta msanga si ukalamba, koma kukhala. Ku Malaŵi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyontho, ndiponso amadya mphira wa mapaipi akale. Galimoto ikaima miyezi yambiri, petulo wa m'kabuleta amauma nkusiya zomata ngati utomoni, zimene zimatseka jeti. Paipi yong'ambika ikadonthetsera petulo pa injini yotentha, galimoto imene munthu anaisunga zaka makumi anayi ingathe kupsa yonse iye akuona.

Tsono omvera amene ali ndi galimoto yotereyi ayenera kumaiyendetsa sabata ndi sabata kufikira injini itatentha bwino, kusintha sefa ya petulo, ndi kuika mapaipi opirira ethanol. Akamva fungo la petulo aime pomwepo, afufuze pamene pakudontha. Khasu limene limapita kumunda silichita dzimbiri, ndipo kabuleta yosamalidwa chotero imafikitsa mwini wake kwawo.