Mtunda wa ku Los Angeles: Mau a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti inandipempha kuti ndinenepo za kumene ndimakhala, ndipo sindinavute. Chifikire changa sabata yatha, anthu asanu andikokera kale pambali nkundinong'oneza kuti, "Achimwene, mwana wanga wamaliza Fomu 4, mumutengeko." Tsono ndati ndikuyankheni nonse pamodzi lero.

Dzina loti Los Angeles limaimira zinthu ziwiri. Pali mzinda weniweniwo, ndiye pali dera lonse limene eni ake amalitcha County, monga m'mene ife timanenera kuti boma la Zomba. Derali lili m'mbali mwa nyanja yamchere ya Pacific, m'chigawo cha California ku America, ndipo muli mizinda 88. Kukula kwake nkofanana ndi boma la Mzimba, koma kalembera wa 2020 anapezamo anthu 10 miliyoni. Kumbukirani kuti kalembera wathu wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi monse muno. Ndiye kuti anthu oposa theka la dziko lathu athithikana m'Mzimba imodzi.

Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Ndinatsika ndege madzulo ndili ndi kapepala ka nambala ya foni ya mbale wina amene kumudzi ankati "ali ku Los Angeles komweko". Nditaimba, anandiuza kuti amakhala ku Lancaster, kuseri kwa mapiri, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pabwalo la ndegelo, ndipo anali pa ntchito ya usiku. Ndinagona pampando mpaka m'mawa, chikwama nditachikumbatira. Mbaleyo sanalakwe. Wolakwa ndinali ine, safunsa amene anadya phula.

Kwa munthu wongocheza, malowa ngokoma, ndisaname. Mukhoza kusewera pamchenga ku Santa Monica m'mawa, masana nkukaona chikwangwani chotchuka chija cha Hollywood. Phiri la San Antonio limaposa pang'ono Sapitwa wathu kutalika, ndipo m'nyengo yozizira pamwamba pake pamagwa chipale chofewa. Ku Long Beach ndi ku San Pedro kuli madoko amene amalandira katundu wochuluka zedi wochokera ku Asia. Koma amene munazolowera madzi ofunda a ku Mangochi muchenjere, pakuti nyanja ya kumeneko imazizira ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Muphunzireko ndi moni wa Chisipanishi, chifukwa pafupifupi theka la anthu akumeneko makolo awo anachokera ku Mexico ndi maiko ena a kumwera.

Wokhalitsa ndiye amaona mbali ina. Chinthu choyamba ndi mtunda umene ndanena uja. Mabasi ndi sitima zilipo, njanji yopita ku Long Beach inatsegulidwa mu 1990, koma anthu ambiri amadalira galimoto, ndipo m'mawa ndi madzulo misewu imadzaza mpaka galimoto kumayenda ngati ngolo. Kuno mnzako akadwala umangotsika pa minibasi nkukamuona. Kumeneko Amalawi awiri akhoza kukhala m'dera limodzi chaka nkutha osaonana, osati chifukwa cha udani, koma ntchito ndi msewu.

Chachiwiri ndi nyumba. Lendi imadya gawo lalikulu la malipiro, ndipo mu 2024 anawerenga anthu oposa 70,000 opanda pokhala m'derali. Ena amagona m'matenti m'mbali mwa msewu, ena m'galimoto zao, ndipo pakati pao pali anthu amene m'mawa amadzuka kupita kuntchito. Madola amene mumawawerengera m'makwacha kuno, kumeneko amatha ngati mchere m'madzi.

Chachitatu, dzikolo lili ndi mavuto ake achilengedwe. Mvula imagwa pang'ono, kotero madzi ambiri amachokera kutali. Ngalande yoyamba yotenga madzi ku chigwa cha Owens inatha kumangidwa mu 1913, ndipo ena amachokera ku mtsinje wa Colorado. Pa 17 Januwale 1994 chivomezi cha ku Northridge chinagwetsa nyumba ndi milatho nkupha anthu oposa 50. Mu Januwale 2025 moto wolusa, wokolezedwa ndi mphepo youma, unatentha nyumba zikwizikwi ku Pacific Palisades ndi ku Altadena, olemera ndi osauka omwe nkutsala ndi zovala za m'thupi.

Tsono kwa inu amene munandikokera pambali, yankho langa ndi ili. Sindikuletsa mwana aliyense kupita, pakuti sukulu zabwino ziliko, monga UCLA ndi Caltech, ndipo ana athu nzeru ali nazo. Koma musatumize mwana ndi kapepala ka nambala ya foni kokha monga ndinapitira ine. Dziwani dzina la mzinda umene akakhale mwa mizinda 88 ija, kutalika kwake ndi sukulu yake, amene akalipire lendi, ndi amene akamuthandize akadwala, popeza chipatala kumeneko nchodula. Za ziphaso funsani ku ofesi ya kazembe osati kwa madobadoba, chifukwa malamulo amasinthasintha. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna chiphaso chokacheza.

Ndikupemphanso komiti kuti ilembe m'kaundula maina a anzathu onse a sukulu ino amene ali kunja, ndi mizinda yao yeniyeni, kuti mwana wathu akamanyamuka tizidziwa amene akamulandire. Dzina langa mulembe poyamba.

Bambo Wapampando, ndaona akukhitchini ayamba kusuzumira pakhomo, ndipo nsima ya kuno ndaisowa zaka zambiri.