Kulimbitsa Thupi pa Chisamaliro cha Odwala Khansa: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Loganizira Matenda a Khansa ku Chifubu

Ulemu upite kwa otsogolera mwambo uno, a Meya a mzinda wa Ndola, a DC a boma la Ndola, phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la Chifubu, ndi makhansala a mawodi onse a dera lino. Upitenso kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Copperbelt ndi m'boma la Ndola. Madokotala, anamwino ndi akatswiri a mafizo ochokera ku Ndola Teaching Hospital, ku chipatala cha ana cha Arthur Davison ndi ku Kitwe Teaching Hospital. Aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu ya udokotala ya Michael Chilufya Sata. Nthumwi za mafumu a Chilamba, eni ake nthaka ino. Abusa, ansembe ndi mashehe. Amayi a Chigwirizano ndi amayi a mipingo ina yonse. Amalonda a mumsika wa Chifubu amene asiya matebulo awo m'manja mwa ana. Abale ochokera ku Kawama, ku Pamodzi ndi ku Chipulukusu. Atolankhani, achinyamata, amayi ndi abambo. Ngati wina wadumphidwa, mlandu ndi wa pepala, mtima ulibe chifukwa. Ulemu woposa wonse ndi wa iwo amene akulandira chithandizo cha khansa, amene anamaliza, ndi abale amene amawadwazika. 

Tsiku la 4 Febuluwale ndi loganizira matenda a khansa padziko lonse, ndipo nthawi zambiri nkhani yake imakhala ya kuyezetsa msanga. Pa mbali imeneyo Zambia wayenda mtunda. Kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndiyo yofala kwambiri m'dziko muno, kunayamba m'zipatala za boma mu 2006. Chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chinatsegulidwa mu 2007, katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero anafalikira dziko lonse mu 2019, ndipo boma linayamba kumanga chipatala cha khansa muno mu Ndola kuti anthu a kumigodi asamayende makilomita oposa 300 kukafuna chithandizo. Pamenepo manja akhoza kuwombedwa. Zotsatira za ntchito zimenezi n'zakuti anthu okhala ndi moyo atadwala khansa akuchuluka, ndipo funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi la mmene thupi lawo limabwezerera mphamvu.

Mwambo wa kudwazika ndi wodziwika. Wodwala akatsika basi ya ku Lusaka amayalilidwa mphasa kapena matilesi, tsache amalandidwa, ngakhale kapu ya madzi amatengeredwa. Akayesa kudzuka, mawu amakhala amodzi: gonani, mungadzipweteke. Chimenechi ndi chikondi, ndipo kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankalangiza zomwezo. Vuto n'lakuti minofu ya munthu wongogona imayamba kufota m'masiku owerengeka, mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito yochepa, ndiye wodwala akati ayende amapeza kuti watopa kuposa kale n'kubwereranso pamphasa. Njinga yabwinobwino ikakhala pakhonde dzinja lonse, tcheni chimagwira dzimbiri. Kutopa kwa khansa sikufanana ndi kwa munthu wochokera kumunda, chifukwa tulo sitikuchotsa. Ndilo dandaulo lomwe odwala olandira mankhwala a m'diripi, aja amati kemo, ndi owotchedwa ndi makina amalitchula kwambiri, ndipo limatha kukhalapo miyezi kapena zaka chithandizo chitatha.

Maganizo a azaumoyo anayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980, pamene anamwino awiri a ku Ohio m'dziko la America, Maryl Winningham ndi Mary MacVicar, anapalasitsa amayi odwala khansa ya m'mawere njinga zosayenda ali pa kemo. Panthawiyo zinkaoneka ngati nkhanza, koma amayiwo anapeza mphamvu ndipo mseru unachepa. Kafukufuku wina wambiri anatsatira. Mu 2018 bungwe la akatswiri a khansa ku Australia linanena kuti kulimbitsa thupi kuzikhala mbali ya chisamaliro cha wodwala khansa aliyense. Mu 2019 akatswiri osonkhanitsidwa ndi American College of Sports Medicine anapereka muyezo: mphindi 30 za kuyenda ndawala kapena ntchito yofanana nayo katatu pa sabata, ndi kulimbitsa minofu kawiri pa sabata, zimachepetsa kutopa, nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo zimathandiza wodwala kudzigwirira yekha ntchito za pakhomo.

Umboni wolemera kwambiri unatuluka mu 2025. Kafukufuku wotchedwa CHALLENGE, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Canada, anatsata anthu 889 amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo aakulu n'kumaliza kemo. Theka linangopatsidwa timabuku ta malangizo. Theka linalo linapatsidwa mlangizi woyenda nalo kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala kangapo pa sabata. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, mwa anthu 100 alionse a gulu la mlangizi 90 anali moyo, pamene a gulu la timabuku anali 83. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira. Choyamba, onsewo anali atalandira chithandizo chonse cha kuchipatala. Kuyenda kunali kowonjezera, ndipo wothawa kemo n'kumati akuchira ndi maseŵera akudzinamiza mofanana ndi wothawira ku mankhwala a m'botolo ogulitsidwa pa siteshoni. Chachiwiri, kabuku pakokha sikanakwanire. Chinasintha zinthu ndi munthu amene ankafunsa wodwala kuti, kodi sabata ino mwayenda?

Kulimbitsa thupi kumene kukunenedwa pano sikulira jimu kapena nsapato zodula. Muyezo wake ndi mpweya: munthu aziyenda mofulumira moti akhoza kulankhula koma sangathe kuimba. Wofooka kwambiri amayamba ndi mphindi zisanu, kuzungulira nyumba kapena kufika pa kantemba n'kubwerera, kenaka n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Cholinga chakutali ndi chomwe bungwe la WHO linaika mu 2020 kwa akuluakulu onse, kuphatikizapo ochira khansa, cha mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kusesa, kulima kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, kupita kutchalitchi wapansi ndi kuvina m'kwaya zonsezi zimawerengedwa. Minofu imalimba ndi kukhala pampando n'kudzuka kakhumi, kukankha khoma ndi manja, kapena kunyamula mabotolo a madzi. Kukuwira Zesco United pa wailesi yakanema munthu atakhala pa sofa sikuwerengedwa ayi, ngakhale thukuta litatuluka. Abambo a kumbuyoko amva.

Khansa iliyonse ili ndi zosowa zake. Mayi wochotsedwa bere amauma phewa ngati dzanja silikugwiritsidwa ntchito, choncho a mafizo amamuphunzitsa kukweza zala pakhoma pang'onopang'ono mpaka dzanja litawongoka. Kale amayi otere ankaletsedwa kunyamula kanthu poopa kutupa kwa mkono, koma kafukufuku wa Kathryn Schmitz wa mu 2009 anasonyeza kuti kunyamula zolemera moyamba ndi zopepuka, motsogoleredwa, sikuwonjezera kutupako. Mayi wowotchedwa ndi makina chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero nthawi zina amavutika kugwira mkodzo, nkhani yomwe ambiri amafa nayo chamumtima chifukwa cha manyazi, chikhalirecho pali mafizo olimbitsa minofu ya m'munsi amene namwino akhoza kuphunzitsa m'chipinda chotseka. Bambo wolandira jakisoni wochepetsa mahomoni chifukwa cha khansa ya prostate amataya minofu, mafupa amafooka ndipo mimba imakula. Kwa iyeyu kulimbitsa minofu n'kofunika kwambiri.

Malire aliponso, ndipo ndi dokotala amene amawaika. Wodwala amene watentha thupi ali pa kemo asapite koyenda, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene magazi achepa kwambiri, amene akumva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena befu wachilendo, aime kaye. Khansa ikafika m'mafupa, kudumpha ndi kunyamula zolemera kukhoza kuthyola fupa, ndiye zochita zake amasankha ndi a mafizo. Mankhwala ena amachititsa dzanzi kumapazi, ndipo munthu wotero asayende yekha m'njira zoterera za mwezi uno wa mvula. Wochitidwa opaleshoni amadikira chilolezo asananyamule ndowa. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, nthawi yoyenda ndi m'mamawa kapena madzulo, botolo la madzi lili m'manja. Ndipo thupi loyenda limafuna chakudya: nsima ya chibwabwa chotendera, nyemba, kapenta, mazira.

Ntchito yotsala yagawika. Azaumoyo ayenera kuthokozedwa chifukwa cha mizere italiitali yomwe amaimaliza tsiku ndi tsiku, komabe wodwala wotuluka m'chipatala kawirikawiri amauzidwa za mapiritsi ndi tsiku lobweranso basi. Mawu awiri onena za kuyenda, olembedwa pa khadi lomwelo, amamveka kunyumba kuposa uphungu wa mnansi aliyense, ndipo kalata yotumiza wodwala ku mafizo isamadikire kuti phewa liume. Odwazika matenda asinthe kachitidwe: m'malo molanda tsache, aperekeze wodwala kumsika. Amayi a mipingo amene amayendera odwala Lachinayi akhoza kupemphera ndi wodwalayo, kenaka n'kutuluka naye panja mphindi khumi. Anansi asiye kunong'onezana akaona mayi wothothoka tsitsi akuyenda mumsewu, chifukwa manong'onong'o amenewo ndiwo amabweza ambiri m'nyumba.

Atsogoleri nawo ali ndi gawo. Thumba la chitukuko cha dera, CDF, linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo anthu ndiwo amapereka maganizo a ntchito kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Njira ya oyenda pansi yosalazidwa, ngalande yotsekedwa pamwamba, nyale za mumsewu ndi mabenchi angapo opumirapo m'mbali mwa bwalo la mpira ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi nyumba, koma ndizo zimalola munthu wofooka kutuluka pakhomo mopanda mantha. Mabwalo a maseŵera a m'makomboni asagawidwe mapoloti. A phungu ndi makhansala ali pano, ndipo makomiti a m'mawodi akakhala pansi kulemba zopempha za chaka chino, gulu la odwala ndi ochira khansa la ku Chifubu liitanidwe kuti likanene lokha njira zomwe zimalivuta kuyendamo.